Kupalasa njinga kumene madzi a Pretoria amachokera

Pretoria anaimanga pamene ilipo chifukwa cha madzi. Kum'mwera kwa mzindawu, m'chigwa chotchedwa Fountains Valley, muli akasupe awiri otumphuka pansi pa miyala, ndipo ndiwo gwero la mtsinje wa Apies. Marthinus Pretorius atakhazikitsa tauniyi mu 1855, anthu anakumba ngalande kuchokera pa akasupewo mpaka pa Church Square, madzi n'kumayenda m'mphepete mwa misewu kuti aliyense azitunga pafupi ndi pakhomo. Kwa zaka pafupifupi 75 mzinda wonse unkamwa pamenepo basi. Lero Pretoria ndi likulu la boma la South Africa, ndipo khonsolo ya Tshwane imasamalira anthu mamiliyoni, koma akasupe aja sanaphwe. Akutulutsabe malita oposa 40 miliyoni tsiku lililonse, ndipo madziwo akulowabe m'mipopi. Ndinkafuna kuona ndi maso anga chimene chasunga akasupe amenewa pakati pa mzinda waukulu chonchi, ndipo mwezi wa Okutobala ndinakwera njinga kukachifunafuna.

Ulendowu ndinayenda ndi alamu anga, amene akhala ku Joni zaka zambiri akugwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'mayadi a ku Waterkloof. M'mawa uliwonse amapalasa njinga kupita kuntchito, ndipo njira yawo imadutsa pa Fountains Circle, kufupi ndi chipata cha malo otetezedwa a Groenkloof. Zaka zonsezo anali asanalowemo. Nditawauza kuti tipiteko anapukusa mutu. "Alamu, kumeneko n'kwa mabwana. Ife njinga timakwera kuti tikafike kuntchito, osati kukaizunguliza m'tchire." Mawu amenewa si a iwo okha. Amalawi ambiri amene ndinacheza nawo ku Sunnyside ndi ku Mamelodi amaudziwa mzindawu kudzera m'mageti a mabwana, m'mateksi ndi pa ofesi ya kazembe wathu ku Arcadia. Chonsecho Groenkloof ndi malo a khonsolo, ndipo aliyense wolipira pachipata amalowa. Tinabwereka njinga ziwiri za m'mapiri kwa mnansi wawo, ndipo Loweruka dzuwa lisanatenthe tinali pamzere wolowera.

Kwathu njinga ndi chida cha ntchito. Imasenza matumba a makala, imathamangira ndi mayi wapakati kuchipatala, imalipirira ana fizi m'mabanja a anyamata a kabaza ku Salima, ku Dedza ndi ku Mzuzu. Njinga ya m'mapiri anaipangira zina. Ilibe keliyala. Matayala ake ndi onenepa, okhala ndi mano ogwira dothi ndi miyala. Kutsogolo kuli mashoko omeza mabampu, ndipo magiya ndi ambiri moti chitunda chimene kwathu timatsika n'kumakankha, kuno umachikwera uli pachishalo, miyendo ikuzungulira mofulumira njinga ikuyenda pang'onopang'ono. Masewerawa anayambira ku California m'zaka za m'ma 1970, pamene achinyamata ankatsetsereka ndi njinga zakale pa phiri la Tamalpais, ndipo mu 1996 analowa m'mipikisano ya Olimpiki. South Africa inawalandira ndi manja awiri. Mpikisano wa Cape Epic, womwe unayamba mu 2004, umakoka akatswiri a m'mayiko ambiri, ndipo Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg anapambana kanayi ukatswiri wa dziko lonse lapansi pa mpikisano wotsetsereka. Ku Pretoria kokha kuli tinjira ta njinga ku Wolwespruit, ku Rosemary Hill, ku Voortrekker Monument ndi kwina. Kulikonseko chipewa cholimba choteteza mutu n'chokakamiza.

Groenkloof ndi mahekitala pafupifupi 600, ndipo njira zake za njinga zimakwana makilomita pafupifupi 20. Kanjira kamayambira m'munsi mwa chigwa, mumthunzi wa mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje, momwe mumakhala mozizira ngakhale mu Okutobala. Posakhalitsa kamapatuka n'kuyamba kukwera, mitengo n'kumachepa, mpaka umapezeka uli pamtetete, pakati pa udzu ndi miyala yosongoka. M'lifupi mwake n'mongokwana njinga imodzi, choncho mumayenda mondondozana. Opalasa ena amene anatipeza panjira anatiuza malamulo ake ochepa: sintha giya chitunda chisanakuthere mphamvu, potsetsereka imirira pamapedulo thupi lili cham'mbuyo, buleki yakutsogolo igwire mofatsa, ndipo maso aziyang'ana kumene ukufuna kupita, osati pamwala umene ukuuopa. Alamu sanachedwe kuzigwira. Miyendo yopalasa kuntchito chaka chonse inawakweza pazitunda zimene ena a njinga zodula ankaima n'kumapumira m'mwamba.

M'galimoto dziko umalionera pagalasi. Pa njinga umalimva m'miyendo. Umadziwa pamene nthaka yapendekeka, pamene yalimba, pamene yafewa chifukwa pansi pali chinyezi, ndipo mosazindikira umayamba kuona njira imene madzi amvula amatsata akamatsika phiri. Titatsikira kuseri kwa chitunda choyamba tinapeza mbidzi zikudya msipu m'mbali mwa kanjira. Zinadzutsa mitu, kutiyang'ana, n'kupitiriza kudya. Patsogolo panali nyumbu ndi nswala, ndipo nyamalikiti zinkabudula nsonga za mitengo yaminga, kumbuyo kwake kukuoneka nyumba zazitali za yunivesite ya UNISA ndi sitima yothamanga ya Gautrain ikulowera ku Johannesburg. Muno mulibe mikango kapena njovu, n'chifukwa chake munthu amaloledwa kuyendamo pa njinga kapena wapansi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinatsamiritsa njinga pamwala n'kukhala chete, ndipo mphalapala imene tikanaiphonya inatulukira m'zitsamba, nyanga zake zitapindikira kumsana.

Chigwachi chili ndi mbiri yotikhudza ifenso. Kale munkakhala anthu olankhula Chitswana ndi Chindebele, okopeka ndi akasupe omwewa. M'zaka za m'ma 1820 kunafika Mzilikazi ndi ankhondo ake atasemphana ndi Shaka, ndipo analamulira chigawo chonsechi kwa zaka zingapo. Chipwirikiti chomwecho ndicho chinasamutsa Zwangendaba ndi Angoni ake, amene anawoloka Zambezi mu 1835 n'kudzafika kwathu. Kenako kunabwera Mabunu, ndipo mabwinja a nyumba ya Lucas Bronkhorst, mmodzi mwa oyamba kukhazikika kuno cha m'ma 1840, akuonekabe m'chigwamo. Mfuti zitachuluka nyama zinayamba kutha, ndiye pa 25 Febuluwale 1895 Pulezidenti Paul Kruger analengeza kuti chigwachi chikhale malo otetezera nyama. Apa n'kuti malo amene anadzakhala Kruger National Park asanakhazikitsidwe. Koma kuyambira 1910 mbali zina anazibwereketsa kwa odzala mitengo ya matabwa ndi mapepala, ndipo bulugama ndi mitengo ya wattle, yonse yochokera ku Australia, inadzaza pamene panali udzu. Ntchito yobwezeretsa zomera zachilengedwe inayamba mu 1994, ndipo nyama anayamba kuzibwezamo mu 1999.

Ntchito imeneyi ikupitirirabe. Pokhota pena tinamva phokoso la zikwanje, ndipo tinapeza anthu ovala maovolosi akudula timitengo ta wattle tophukanso, n'kumapaka mankhwala pazitsa. Alamu, amene amalankhula bwino chiyankhulo cha m'tauni muno, analonjera wamkulu wa gululo n'kumufunsa modabwa: "Bambo, mukudula mitengo m'kati mwa malo otetezedwa?" Bamboyo anapukuta thukuta n'kuloza phiri lonse ndi chikwanje. "Mtengo uwu ndi wobwera. Ukamera pano umamwa madzi chaka chonse, ndipo pansi pake sipamera kanthu. Phiri ili ndi la udzu." Alamu ananditembenukira. "Mwamva, alamu? Ife tinakula tikudziwa kuti kusamala dziko n'kudzala mitengo."

Ananena zoona. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo kwathu imakhala nyengo yodzala mitengo, ndipo dziko lometeka ngati lathu likufunikadi mitengo. Koma bambo wa chikwanje uja nayenso ananena zoona, ndipo chifukwa chake chili pansi pa nthaka. Udzu wa kumtunda umagona nthawi ya chisanu. Masamba ake amauma ndipo sukokanso madzi. Mvula ikabwera, zitsa zake zothithikana zimachepetsa liwiro la madzi, mizu yake yosawerengeka imatsegula timipata m'dothi, madzi n'kulowa pansi m'malo mothamangira kumtsinje ndi nthaka. Kum'mwera kwa Pretoria pansi pali mwala wotchedwa dolomite, umene madzi amausungunula pang'onopang'ono n'kupanga ming'alu ndi mapanga. M'menemo madzi amasungika ngati chimanga m'nkhokwe, n'kumatuluka pa akasupe mwezi ndi mwezi mpaka dzinja lina. Bulugama, paini ndi wattle sizigona. Masamba ake ndi obiriwira chaka chonse, mizu ndi yakuya, ndipo zimakoka madzi ngakhale m'chilimwe. Akatswiri a ku South Africa anaziyeza zimenezi kwa zaka zambiri ku Jonkershoek kuyambira 1935, kenako ku Cathedral Peak m'mapiri a Drakensberg, ndipo anapeza kuti mitsinje imachepa madzi kwambiri malo a udzu kapena a zitsamba akadzalidwa mitengo yotereyi. Mu 1995 nduna ya zamadzi Kader Asmal inakhazikitsa ntchito ya Working for Water, yolemba anthu osowa ntchito kuti azidula mitengo yobwera imene yalowerera m'magwero a mitsinje.

Chinthu chimene sindidzachiiwala tinachiona pa lupsa. Oyang'anira malo otere amatentha udzu mwadala, chigawo ichi chaka chino, chinacho chaka china, chifukwa udzu wosapsa nthawi yaitali umadzitsamwitsa ndi zinyalala zake zomwe. Tinatsika pa njinga n'kuyenda pamalo amene moto unadutsa miyezi ingapo m'mbuyomo. Pakati pa phulusa panali maluwa achikasu, oyera ndi ofiirira, otuluka mvula isanakhazikike, chifukwa chakudya ndi madzi amazisunga m'mizu yonenepa ya pansi. Alamu, amene zomera ndiyo ntchito yawo, anagwada pa kachitsamba kosafika ndi m'bondo momwe n'kutembenuza tsamba lake. "Alamu, uwu si muula uwu?" Sanaphonye patali. Akatswiri amakatcha Parinari capensis, ndipo ndi m'bale weniweni wa muula umene timatola zipatso zake kwathu. Kusiyana kwake n'kwakuti thunthu ndi nthambi zake zili pansi pa nthaka, zotambalala mamita angapo, ndipo kunja kumangotuluka nsonga. Moto ndi chisanu zimawaula nsongazo, mtengo weniweniwo uli bwinobwino. Zomera zoterezi zimakhala zaka zambirimbiri, ndipo thalakitala ikazitembenuza kamodzi sizibwereranso m'moyo wa munthu mmodzi. Pamenepo ndinamvetsa kuti malo a udzu ngati awa si nkhalango imene inadulidwa kapena munda wogonera wodikira khasu. Analengedwa choncho, ndipo ndi akale kwambiri.

Titatuluka ku Groenkloof tinawoloka msewu waukulu n'kuyamba kukwera Johann Rissik Drive, msewu wa tara wokhotakhota wopita pamwamba pa phiri la Klapperkop. Opalasa a kuno amachenjezana kuti asamayende okhaokha m'mapiriwa, chifukwa achifwamba akhala akulanda anthu njinga ndi mafoni, choncho tinaphatikana ndi gulu lina lomwe linkakwera nthawi yomweyo. Pamwamba pali linga la nkhondo lomwe boma la Kruger linamaliza kumanga mu 1898, limodzi mwa malinga anayi otchinga mzindawu. Asilikali a Britain atafika mu Juni 1900 analowa mu Pretoria malingawo osawaletsa, ndipo lero Klapperkop ndi nyumba yosungiramo mbiri. Ukaima pakhoma lake mzinda wonse uli pansi pako: Union Buildings zomwe zinatha kumangidwa mu 1913, Freedom Park pa phiri la Salvokop, ndi misewu yofiirira ndi maluwa a jakaranda, mitengo ya ku South America imene inayamba kudzalidwa kuno mu 1888.

Kuchokera pamenepo maso amatha kulondola mtsinje wa Apies. Umatuluka m'chigwa uli woyera, n'kulowa m'ngalande ya simenti yodutsa pakati pa tauni, n'kuboola mapiri a Magaliesberg kulowera kumpoto. Kumeneko umalandira madzi a zimbudzi ochokera ku malo oyeretsera a Rooiwal, amene kwa zaka zambiri akhala akulephera kukwanitsa ntchito yawo. Kumunsi kwake kuli Hammanskraal, kumene anthu akhala zaka akudalira madzi obwera pa mathanki a galimoto chifukwa a m'mipopi sanali oyenera kumwa. Mu Meyi 2023 kolera inapha anthu oposa 20 m'deralo, nthawi yomwe kwathu matenda omwewa anali atatenga miyoyo yoposa 1,700. Mtsinje ndi umodzi, koma wa kumtunda amapalasa njinga pakati pa mbidzi, wa kumunsi akudikira thanki ndi chigubu m'manja. Kuteteza gwero ndi chiyambi chabe. Madzi ayenera kufika oyera kwa munthu wotsiriza.

Tsiku lotsatira tinalunjika kunyanja. Damu la Rietvlei lili makilomita pafupifupi 20 kum'mwera chakum'mawa kwa tauni, kufupi ndi msewu wa R21 wopita ku bwalo la ndege la OR Tambo. Tinayambira ku Irene n'kupalasa motsata misewu ya kunja kwa mpanda. Kuno dziko limasintha. Mapiri amiyala amatsalira m'mbuyo, ndipo umalowa m'chidikha chokwera mamita pafupifupi 1,500, chazitunda zoyandama, chaudzu mpaka kumene maso alekezera. Mphepo ilibe chotchinga, imakukankha pachifuwa ngakhale pamalo athyathyathya, ndipo mitambo ya mvula umaiona ikuunjikana ili kutali kwambiri. Kuseri kwa waya nthiwatiwa ndi nyama zamphumi yoyera zotchedwa blesbok zinkadya mosatekeseka. Titafika pamwamba pa chitunda china madzi anatulukira m'munsi mwathu, otambalala, ozunguliridwa ndi bango.

Nyanjayi ndi yopangidwa ndi manja. Mzinda utakula, akasupe a ku Fountains sanathenso kuukwanira, ndiye khonsolo inagula famu ya Rietvlei mu 1929. Damu linatha mu 1934, nthawi ya mavuto aakulu a zachuma padziko lonse, ndipo linamangidwa kwambiri ndi anthu ogwira mapiki ndi mafosholo, dothi likututidwa pa ngolo zokokedwa ndi nyulu. Kuti madziwo asadetsedwe, khonsolo inasunga dziko lozungulira damulo osalola kuti limangidwe, ndipo lero ndi malo otetezedwa a mahekitala pafupifupi 4,000. Nyama zinabwera pambuyo. Choyamba chinali madzi akumwa.

M'kati muli njati, zipembere ndi mvuu, choncho njinga tinazisiya pachipata n'kukwera galimoto ya mnzawo wa alamu, n'kumatsika pamalo ololedwa okha. Tinaona nchefu zikuyenda mondondozana pamzere wa chitunda, ndi zipembere zodulidwa nyanga pofuna kugwetsa ulesi opha nyama mozembera. Pa kanyumba kobisalira oonera mbalame tinamva kulira kumene Mmalawi aliyense amakudziwa, ndipo nkhwazi inadutsa pamwamba pa madzi. Komabe chimene chinandigwira mtima ndi dambo la kumtunda kwa damu. Mtsinje wothira m'nyanjayi umachokera mbali za Kempton Park, utanyamula zonyansa za m'mafakitale ndi m'nyumba. Usanafike m'damu lalikulu umadutsa m'bango lotalika makilomita angapo ndi m'damu laling'ono la Marais, momwe matope amadikha. Pansi pa bangolo pali nthaka yakuda ya zomera zowolerana zimene zaunjikana kwa zaka zikwi zingapo, yosunga madzi ndi kuwasefa. Kale anthu anakumba ngalande zoumitsa dambolo, ena n'kumakumba nthaka yakudayo kukagulitsa. Pobwezeretsa, ogwira ntchito anatseka ngalandezo ndi miyala yomangidwa m'mawaya kuti madzi abalalikenso m'dambo monse, ndipo bango linabwerera. Nkhondoyi sinathe. Ndere zimachulukabe m'damu zonyansa zikachuluka, ndipo m'dzinja chitsamba cha ku South America chotchedwa pompom chimaphimba udzu ndi maluwa ake apinki, kuphangira malo zomera zimene nyama zimadya.

Akasupe ndi Rietvlei amapereka gawo chabe la madzi a Tshwane. Ambiri amachokera ku bungwe la Rand Water, lomwe limatunga m'damu la Vaal, ndipo Vaal nayo imathandizidwa ndi madzi ochokera m'mapiri a Lesotho kudzera m'pangano la 1986 lomwe linabala damu la Katse. Mapiri a Lesotho amenewo ndi a udzu ndi madambo, mitengo ndi yochepa. Kafukufuku wa 2013 anaonetsa kuti magawo 8 pa 100 alionse a dziko la South Africa, Lesotho ndi Eswatini ndiwo amatulutsa theka la madzi onse oyenda m'mitsinje ya mayikowa, ndipo ambiri mwa malo amenewo ndi mapiri a udzu. Madzi amene alamu amathirira kapinga ku Waterkloof anayambira pansi pa zitsa za udzu, kaya pafupi kaya kutali. Nditawauza zimenezi anangoti, "Ndiye ana anga ayenera kudzaona kuno asanabwerere kumudzi."

Nditaima m'mphepete mwa Rietvlei maganizo anga anapita ku Nyika. Chimene Pretoria ikuvutika kusunga m'timagawo tozunguliridwa ndi misewu ndi nyumba, ife tili nacho chachikulu. Nyika inakhala paki mu 1965, ndipo ndi yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi, masikweya kilomita oposa 3,000 kukula kwake. Pamwamba pake, mamita oposa 2,000, pali zitunda za udzu zotsatizana, madambo m'zigwa, nkhungu ya m'mawa ndi chisanu choumitsa mame mwezi wa Juni ndi Julayi. Nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Kuli chilembwe, nchefu, mbidzi ndi mphoyo, ndiponso mitundu yoposa 200 ya maluwa a mtundu wa chinaka. Alendo ogona ku Chelinda amapalasa njinga za m'mapiri kuzungulira madamu atatu a pafupi ndi msasawo, n'kukafika pa Kaulime, nyanja yokhayo yachilengedwe pamwamba pa Nyika, imene anthu a m'derali akhala akuilemekeza kuyambira makolo. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Chelinda ndi Wovwe imayambira m'madambo amenewo, n'kumathirira minda, kupukusa makina a magetsi a pa Wovwe, ndi kudzaza Nyanja ya Malawi.

Nyika nayo ili ndi mabala ake. Paini amene anadzalidwa pa Chelinda m'zaka za m'ma 1950 amafesa mbewu zake m'udzu wozungulira. Moto wosakonzekera wa osaka nyama umatentha nthawi yolakwika. Ndipo paki itakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa pamalo a makolo awo, moti kwa ena a ku Rumphi ndi ku Chitipa dzina la Nyika limakumbutsa zimene anataya. Mu 2023 boma linasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation pangano la zaka 20 loyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Panganolo lidzayesedwa ndi zimene anthu okhala m'mphepete mwa paki adzapindule, ndiponso ngati iwo eni adzaloledwa kuyendamo monga eni dziko.

Phunziro la ulendowu silakuti tileke kudzala mitengo. Malo alionse ali ndi chofunda chake. Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira usanadzaze madamu a Kamuzu, ndi nkhalango ya mitengo yachilengedwe, ndipo makala atayamba kuimaliza boma linatumizako asilikali mu 2015. Kumeneko n'kofunika mitengo, makamaka kulola zitsa zachilengedwe kuti ziphukenso. Phiri la Ndirande litameteka, damu la Mudi linayamba kudzaza matope, ndipo Blantyre imadalira kwambiri madzi a mu Shire okankhidwa kuchokera ku Walker's Ferry ndi magetsi ochuluka. Koma pamwamba pa Nyika, m'zidikha za pa Mulanje, ndi m'madambo a m'midzi mwathu, chofunda choyenera ndi udzu ndi bango. Tikadzala bulugama pamutu pa dambo, kapena kulima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, chitsime chimene agogo athu ankatunga mu Okutobala chimaphwa mu Ogasiti, ndipo amene amayenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu ndi amayi ndi atsikana.

Pretoria yandiphunzitsanso kuti malo amatetezeka anthu akamawayendera. Groenkloof ili pamalo amene ogulitsa mapuloti angawasirire, koma ili ndi anthu ambiri oiyankhulira, chifukwa Loweruka lililonse amakhala ali m'menemo ndi ana awo. Kanjira ka njinga sikafuna ndalama zambiri. Kamafuna khasu, piki, fosholo, zikwangwani zolozera, ndi munthu wodziwa kupatutsa madzi amvula kuti asakokolole nthaka. Malo tili nawo: kuzungulira damu la Mulunguzi ndi la Chagwa pa phiri la Zomba, ku Luwawa pa Viphya kumene kwakhala kukuchitika mipikisano ya njinga za m'mapiri, ku Dzalanyama, ndi ku Nyika. Opalasa tili nawo ochuluka kuposa mayiko ambiri. Mnyamata wa kabaza amene amakwera zitunda za Dedza ndi munthu pakeliyala angathe kukhala wolondolera alendo, wokonza tinjira, kapena katswiri wa mpikisano, atapatsidwa njinga yoyenera ndi maphunziro ochepa.

Chofunika kwambiri n'chakuti tinjira timeneti tisakhale ta alendo akunja okha. Mtengo wolowera ukhale woti mphunzitsi wa pulayimale angathe kulipira, masukulu ozungulira mapaki azikhala ndi masiku awo olowa ulere, ndipo mafumu ndi makomiti a m'midzi azikhala nawo pokonza njirazo ndi pogawana phindu lake. Mwana wa ku Bolero amene wapalasa mpaka pa Kaulime, n'kuponda yekha m'madambo momwe mitsinje ya kwawo imayambira, akadzakula n'kukhala mlimi, mfumu kapena phungu, sadzafunika msilikali woti amuuze chifukwa chake gwero la madzi salima ndiponso salitentha mwachisawawa.